Mmene mungajambulire minda, mitengo ndi mbalame mukamayenda

Kuseri kwa mudzi wa kwathu kuli mtengo wa msangu umene ndakhala ndikuujambula kwa zaka zingapo, nditaima pa chulu chimodzimodzi. Pa chithunzi cha mu Januwale mtengowo ulibe tsamba ndi limodzi lomwe, nthambi zili mbee ngati unauma kalekale, koma chimanga cha pansi pake chili biriwiri, chotalika kuposa cha m'mizere ina yonse. Pa cha mu Seputembala zinthu zasinthana. Munda wonse ndi fumbi ndi mapesi okhaokha, pamene msangu wavala masamba, mbuzi zagona pamthunzi pake zikubzikula. Ndinkadutsa pamtengo umenewu tsiku lililonse popita kusukulu, koma zoti umayoyola masamba m'dzinja, anzake akuphukira, ndinazizindikira nditayamba kuujambula. Nditawaonetsa agogo aamuna zithunzi ziwirizo sanadabwe n'komwe. Anangoti, “Nanga iwe umayesa tinausiyiranji pakati pa munda? Masamba akewo ndiye manyowa.”

Zimene ndilembe pano ndi za munthu amene akufuna kuona zinthu ngati zimenezi ndi kuzisunga, kaya akupita kudimba, kuchigayo, kutchalitchi, kapena wakwera basi kupita kumudzi. Malo athu akusintha msanga. Amene anakulira ku Blantyre amakumbukira phiri la Ndirande lili ndi nkhalango, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasintha maonekedwe a mitsinje ndi mapiri ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe m'masiku ochepa chabe. Pa zithunzi zakale za m'mabanja mwathu timaonapo maukwati ndi anthu ataima mowongoka, koma munda, dambo ndi chitsime zimene zinalera anthuwo n'zosowa.

Choyamba, konzani foni musanatuluke

Kamera yodula si yofunika. Foni wamba, Tecno kapena itel yomweyo, ikukwanira. Chachikulu n'chakuti kagalasi ka kamera kakhale koyera. Foni timaigwira ndi manja amene tangodyera kumene mandasi, ndipo mafuta amenewo ndiwo amachititsa chithunzi kuoneka ngati mwajambula muutsi. Pukutani kagalasiko ndi nsonga ya chitenje chofewa musananyamuke, ndipo muzipukutanso m'njira.

Tchajani batire usiku, paja magetsi sapanganika. Fufutani mavidiyo a m'magulu a WhatsApp amene adzaza foni, kuti isadzakukanireni chithunzi pa nthawi imene nkhwazi yatera pafupi. Kenako tsegulani kamera, lowani mu Settings, yatsani Grid. Pa sikirini paoneka mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, ndipo ntchito yake tiiona kutsogoloku. Zimitsani fulashi. Zimitsaninso zosalalitsa nkhope zija, chifukwa zimasalalitsa ndi khungwa la mtengo lomwe.

Valani nsapato zotseka ndi zovala zosawala. Malaya oyera kapena ofiira mbalame zimawaonera patali. M'dzinja tengani thumba lotha la shuga loti muvekemo foni mvula ikakupezani m'njira, ndi botolo la madzi akumwa nyengo iliyonse.

Chachiwiri, sankhani njira imodzi, muiyende foni ili m'thumba

Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Amatuluka foni ili kale m'manja, n'kujambula chilichonse chimene chili patsogolo, kenako kubwerera ndi zithunzi 80 zosanena kanthu. Ine ndimati diso liyambe, foni itsatire.

Sankhani njira yaifupi imene mumaidziwa, yoti mutha kuiyenda kawiri kapena katatu pa mwezi. Ulendo woyamba musajambule kanthu. Yendani pang'onopang'ono kuposa mmene mumayendera masiku onse, ndipo mukayenda mapazi pafupifupi 50 imani. Yang'anani pansi kaye: mapazi a nkhanga pamchenga, mzere wa linthumbu ukudutsa njira, bongololo atadzipinda, timaluwa tofiira ta kaufiti patsinde pa chimanga chofooka. Kenako yang'anani m'mbali, pa msinkhu wa chiuno, pamene pamakhala akangaude, ziwala ndi nanzikambe. Pomaliza kwezani maso ku nsonga za mitengo ndi pa mawaya a magetsi. Mukatero tembenukani muone kumene mwachokera, chifukwa njira yomweyo imaoneka ina dzuwa likakhala mbali ina.

Makutu nawonso agwire ntchito. Mbalame zambiri mumayamba kuzimva musanazione. Apumbwa akamachita phokoso losatha pamtengo umodzi, kawirikawiri pamakhala njoka, mphaka kapena kadzidzi amene awaona. Nyenje zikayamba kulira m'tchire, dziwani kuti mwamvu wafika. Fungo la dothi mvula yoyamba itangogwa likukuuzani kuti madzulo ano kapena mawa ngumbi zituluka, ndiye khalani pafupi ndi chulu.

Pa ulendo womwewu yambani kufunsa mayina. Chinthu chimene simudziwa dzina lake diso limachilumpha. Munthu amene amangoti “udzu” amaona udzu basi, koma wodziwa tsekera, nsenjere ndi bango amaona mitundu itatu, aliyense pamalo pake: tsekera kumtunda, nsenjere m'mbali mwa khwawa, bango m'madzi. Aphunzitsi abwino pa zimenezi ndi anyamata oweta ng'ombe, amayi otola nkhuni ndi othyola ndiwo, asodzi, ndi akuluakulu amene analima munda umodzi moyo wawo wonse. Mwana woweta mbuzi akhoza kukuonetsani zisa zisanu pa malo amene inu simunaonepo kanthu.

Chachitatu, dziwani nthawi yake

Chithunzi chimapangidwa ndi kuwala, ndipo kuno kwathu kuwala kwabwino sikukhalitsa. Mu Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu Juni ndi Julayi cha m'ma 6, ndipo limakwera msanga. Muli ndi ola limodzi lokha, mwina ndi theka, pamene kuwala kuli kofewa, kukubwera chammbali, mizere ya m'munda ili ndi mithunzi yake, mame akunyezimira pa ulusi wa kangaude. Madzulo chimodzimodzi, kuyambira cha m'ma 4 koloko mpaka dzuwa kulowa. Dzuwa likakhala paliwombo munda umaoneka wophwatalala, mithunzi ili bii, masamba atayera ngati malata. Nthawi imeneyo pumulani, kapena jambulani zinthu za pamthunzi. Tsiku la mitambo musalinyoze: maluwa, bowa ndi nkhope za anthu zimatuluka bwino kwambiri kukakhala kulibe dzuwa loswa mtengo.

Chaka nacho chili ndi kuwala kwake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala m'mwamba mumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wolusa, moti phiri limene mumaliona tsiku lililonse limazimirira. Miyezi imeneyo musalimbane ndi zakutali. Yang'anani zapafupi: masamba atsopano a mombo ndi tsamba amene amatuluka ofiira psuu mvula isanagwe, monga mmene zimakhalira ku Dzalanyama ndi m'mphepete mwa phiri la Zomba, mizere yongounga kumene, mlambe wopanda masamba ku Mangochi, ku Salima kapena ku Balaka, dzuwa lolowa lili lofiira ngati khala chifukwa cha utsi womwewo. Chizimalupsa akangogwa, m'mwamba mumayera, udzu wanthete umaphukira pa lupsa lakuda, ndipo mtundu wobiriwira pa wakuda umenewo sukhala sabata zambiri.

Dzinja ndiyo nthawi ya mitambo ikuluikulu ndi mapiri ooneka ngati ali pafupi. Mvula ikangokata madzulo, tulukani msanga, chifukwa dzuwa likawomba pa munda wonyowa kumbuyo kuli mtambo wakuda, mwapeza chithunzi chimene simungachipeze nthawi ina iliyonse. Ndi nthawinso ya masuku, ya bowa wa utale ndi manyame, ya atchete akuluka zisa pamwamba pa madzi, ya chimanga chikumasula ngaiyaye. Ku Nyika maluwa a m'gulu la chinaka, amene mitundu yake kumeneko imaposa 200, amamasula nyengo yomweyi. Cha m'ma Malichi anamzeze amene amabwera kuno kuthawa chisanu cha ku Ulaya amayamba kusonkhana pa mawaya kukonzekera ulendo wobwerera.

Masika ndimawakonda koposa. Chimanga chaimikidwa m'mikukwe, fodya ali lende m'zigafa, mtedza wazulidwa ukuuma, maungu ali mbwee m'mizere, thonje layera kuchigwa, mpunga wapsa m'madambo a ku Karonga, ku Nkhotakota ndi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Anthu ali m'munda, ngolo zikututa, ndipo kulikonse kumene mungaloze foni kuli ntchito ikuchitika. M'chisanu pitani kudimba m'mamawa nkhungu isanachoke pa dambo. Ngati muli ku Thyolo kapena ku Mulanje, chiperoni chikamawaza pa minda ya tiyi musabisale m'nyumba. Vekani foni m'thumba lija la shuga, siyani kagalasi kokha panja.

Chachinayi, lonjerani ndi kupempha

Munda uliwonse uli ndi mwini wake, ngakhale simukumuona. Mlendo woima m'mphepete mwa munda n'kumaloza foni uku ndi uku amadzetsa mafunso: kodi akufuna kulanda malo, kodi akulemba mayina a makuponi, kodi watumidwa ndi yani? Mafunso amenewa si opusa, anthu anaonapo zambiri. Tisaiwalenso kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa anataya miyoyo chifukwa chongokayikiridwa. Choncho ngati muli kudera lachilendo, yambani mwaonekera kwa amfumu, kapena yendani ndi munthu wa pamudzipo.

Mukapeza mwini munda, foni ikhale m'thumba. Lonjerani mokwanira, funsani za kunyumba ndi za mvula, kenako nenani chimene mukufuna mosabisa. Tsiku lina ku Ntcheu ndinapeza mayi wachikulire akukumba kachewere. Nditawalonjera ndinati, “Mayi, mizere yanuyi yandikongolera, ndimati ndiijambule ngati mungalole.” Anaweramuka, nandiyang'ana nthawi ndithu, n'kufunsa kuti, “Mwana wanga, ukazipititsa kuti?” Ndinawauza kuti n'zosunga ine ndekha ndi kuonetsa anzanga, ndipo palibe ndalama kapena thandizo limene litsatire. Anavomera kuti ndijambule munda ndi manja awo ali ndi khasu, koma nkhope anakana chifukwa anali ndi zovala za kumunda. Ndinatero, ndipo chithunzi cha manja aja ali ndi dothi lofiira, mbatata zili pambali, chinaposa chimene ndinkachifuna poyamba.

Munthu akakana, thokozani n'kupitirira. Ana musawajambule popanda kholo lawo. Musalonjeze chimene simudzachita. Yendani m'khwawa la pakati pa mizere, osati pamwamba pake, ndipo musathyole chimanga kapena nzimbe za eni poti mwalowa kale. Nkhalango yowirira imene yatsala yokha pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, ndipo m'madera a Achewa kukhoza kukhalanso dambwe. Musalowemo, ndipo ngakhale kujambula muli patali funsani kaye. Safunsa anadya phula. Poyandikira mtsinje odirani mokweza, mwina kuli anthu akusamba. Malo a asilikali ndi zipata za apolisi zapamsewu zisiyeni.

Chachisanu, jambulani tsopano

Musanakweze foni dzifunseni kuti, chandiimitsa pano n'chiyani? Ngati ndi nkhokwe, chithunzi chikhale cha nkhokwe. Ngati ndi mtambo, mtambo utenge malo aakulu. Chithunzi chofuna kunyamula phiri, munda, ng'ombe, njinga ndi nyumba nthawi imodzi chimathera posaonetsa chilichonse.

Onani kumene kuli dzuwa. Likakhala kumbuyo kwanu mitundu imatuluka bwino koma zinthu zimaoneka zophwatalala, ndipo mthunzi wanu umalowa m'chithunzi. Likakhala chammbali, mizere, makwinya a khungwa la mlambe ndi maluko a nkhokwe zimaoneka ngati mungazikhudze. Pa minda uku ndiye kuwala kwake. Likakhala kutsogolo kwanu, masamba a chimanga ndi ngala za udzu zimawala ngati zayatsidwa, bola dzuwa lenilenilo mulibise kuseri kwa mtengo kapena mutchinge kagalasi ndi dzanja chapamwamba.

Sunthani thupi. Anthu ambiri amajambula ataimirira pamene afikira, foni ili pa msinkhu wa nkhope, n'chifukwa chake zithunzi zawo zimafanana. Gwadani kuti mizere ya mtedza ikhale ikuthamangira kuphiri. Kwerani pa chulu kuti muone mmene minda yalukirana, wa chimanga, wa nandolo, wa chinangwa. Yendani mapazi asanu kumanzere kuti mtengo wa magetsi uchoke kumbuyo kwa ng'ombe. Njira yokhotakhota, ngalande ya m'dimba kapena mpanda wa nsenjere ziyambire pa ngodya yam'munsi ya chithunzi, zizitsogolera diso kulowa mkati.

Apa ndi pamene mizere ija ya Grid igwire ntchito. Pamene thambo lakumana ndi dziko paikeni pa umodzi wa mizere yopingasa, osati pakati penipeni: pa wam'mwamba ngati nkhani ili m'munda, pa wam'munsi ngati nkhani ili m'mitambo. Onetsetsani kuti pawongoka, makamaka kunyanja, chifukwa nyanja yopendekeka imaoneka ngati ikukhuthuka. Mtengo kapena munthu muikeni pamene mizere yadutsana, ndipo ngati akuyenda, kutsogolo kwake kukhale malo.

Dinani pa sikirini pamene pali chinthu chimene mukufuna kuti chioneke bwino. Patuluka kabokosi kapena kozungulira, pambali pake kadzuwa kakang'ono. Kokerani kadzuwako pansi pang'ono mpaka mitambo ioneke maonekedwe ake, osati kungoyera mbee. Chithunzi chodera pang'ono chimakonzeka pambuyo pake, koma chimene chayera mopitirira sichibwerera. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitsamire pa nthiti, pumani, dinani mofatsa. Kukayamba kuda, tsamiritsani foni pa chitsa kapena pa chishalo cha njinga.

Zoom yotambasula ndi zala isiyeni. Pa mafoni ambiri sikuti imayandikitsa chinthu, imangodula chithunzi n'kuchikulitsa, ndipo zotsatira zake ndi phala. Yandikirani ndi miyendo. Ngati simungathe, jambulani momwemo, mbalameyo ikhale yaing'ono pakati pa malo ake, mudzadule muli kunyumba.

Pa malo aliwonse amene akukokani mtima tengani zithunzi zitatu. Chimodzi chotakata, choonetsa kuti tili kuti. China chapakati, choonetsa chinthucho chathunthu. Chachitatu chapafupi kwambiri: ndevu za chimanga, duwa la nandolo, chingwe cha luzi pa phaso la chigafa. Chizolowezi chimenechi chimathandizanso pa ulimi weniweni. Mukaona masamba a chimanga abooledwa ndipo m'kati mwa nsonga muli ndowe zonga utuchi, jambulani munda wonse, phesi limodzi, ndi mbozi yeniyeniyo pafupi, mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kudziwike. Mlangizi wa zaulimi akaona zitatuzo sachedwa kunena ngati ndi ntchemberezandonda kapena kapuchi.

Chachisanu ndi chimodzi, zamoyo zimafuna kudekha

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi oona ndendende. Mukaigwira nkhono imalowa m'chigoba. Mukakhala phee mphindi zitatu kapena zinayi, foni mutaiika kale pansi pafupi nayo, imatulutsa tinyanga take, ndipo maso ali kunsonga kwa tiwiri tatitali.

Chamoyo chilichonse chili ndi khalidwe limene mukalidziwa simuchithamangitsanso. Tombolombo akauluka pa kamtengo amabwerera pomwepo, ndiye lozani foni pa kamtengoko n'kudikira. Agulugufe m'mamawa kukuzizira amakhala aulesi, mapiko atatambasula kuothera dzuwa, ndipo masana amasonkhana pa matope a m'mbali mwa chithaphwi. Gulo wa mutu wobiriwira mukamuyandikira amazungulira kuseri kwa thunthu, koma mukaima osasuntha amasuzumira yekha, akugwedeza mutu. Akakowa amatsata ng'ombe kuti adye ziwala zimene zikudzidzimuka, choncho khalani kutsogolo kumene ng'ombe zikulowera, abwera okha. Nantchengwa amakonda chithaphwi chimodzi, ndipo chisa chake chachikulu cha mitengo pa mphanda ya mkuyu sichisowa. Maluwa oyera a mlambe amatseguka madzulo kudikira mileme, mawa lake amakhala atayamba kufota, ndiye kuwajambula n'kuwalawirira.

Poyandikira mbalame musaiyang'ane m'maso kapena kuilunjika. Yendani chammbali, ngati mukupita kwina, muziima kawirikawiri. Mthunzi wanu usagwere pa kachilombo, kamathawa mthunzi kuposa phokoso. Dinani pa diso la chinthucho, ndipo jambulani kambirimbiri motsatizana, pa khumi chimodzi chidzakhala chakuthwa. Pa zazing'ono, foni zambiri zimalephera kuona bwino mukayandikira kuposa kutalika kwa chikhatho, ndiye bwererani pang'ono.

Chisa musachigwire, ndipo musathyole nthambi zochibisa kuti chithunzi chikome. Mukachoka, khwangwala ndi anyamata a malegeni adzachipeza mosavuta. Dzisamaleninso. Mphiri siithawa munthu, imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma, ndiye musanagwade yang'anani pamene bondo likupita, ndipo musamabwerere m'mbuyo maso ali pa sikirini. M'chilimwe chitedze chimakhala chitakhwima m'mathengo a m'mbali mwa mitsinje. M'mphako za milambe mumakhala njuchi. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, m'madzi odikha muli likodzo. Kukayamba kung'anima tsikani pa chulu, chokani pansi pa mtengo woima wokha.

Mukakhala pa basi

Maulendo ataliatali ali ndi zawo. Amene anatsikapo Chiweta nyanja ili tantha kumunsi, kapena Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kapena zitunda zotsikira ku Chikwawa mtsinje wa Shire ukunyezimira m'chigwa, amadziwa mmene mtima umafunira kusunga zimene maso aona. Khalani pawindo la mbali imene kulibe dzuwa. Ngati windo likutseguka tsegulani, koma foni muigwire zolimba ndipo isatuluke panja, makamaka pa masiteji. Ngati silitseguka, pukutani galasi, yandikizani foni kwambiri osaigunditsa, kuti zovala zanu zisaonekere m'galasimo. Lozani zakutali, chifukwa zapafupi ndi msewu zimathamanga n'kusanduka mizeremizere. Dikirani pamene basi ikukwera chitunda kapena ikukhota, liwiro litachepa. Zabwino zenizeni zimapezeka basi ikaima: milu ya tomato ndi kabichi pa Lizulu, minda ya kachewere ya mbali ya Mozambique kutsidya kwa msewu womwewo. Ogulitsa ndi anthu ali pantchito, ndiye gulani kaye, pemphani, kenako jambulani. Amene mukuyendetsa nokha, imikani galimoto pambali.

Pomaliza, mukafika kunyumba

Tsiku lomwelo, musanagone, onani zithunzi zonse. Pa zofanana zisanu sungani chimodzi. Kukonza kukhale kochepa: wongolani chopendekeka, dulani zosafunika za m'mbali, onjezani kuwala pang'ono ngati chada. Musathire mitundu mpaka chimanga chioneke ngati chapakidwa penti. Dothi la kwanu ngati ndi lotuwa likhale lotuwa, chifukwa amene adzaone chithunzicho zaka 20 zikubwerazi adzafuna kudziwa mmene kunalili.

Lembani tsiku, malo ndi dzina la chimene mwajambula, m'kope kapena pa foni pomwepo, pamodzi ndi zimene munauzidwa: kuti mtengo uwu makungwa ake amapangira luzi, kuti dambo ili kale silinkauma. Dzina la Chichewa, la Chiyao, la Chitumbuka kapena la Chilomwe limene mwamva lilembeni mmene mwalimvera. Ngati mukufunanso dzina la sayansi, pulogalamu ya iNaturalist imalola kutumiza chithunzi ndi malo ake, ndipo anthu odziwa a m'mayiko osiyanasiyana amathandiza kuchizindikira. Ya Merlin Bird ID imathandiza pa mbalame. Amene muli ku Zomba, kumunda wa National Herbarium and Botanic Gardens ndi malo abwino ophunzirira mitengo, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lili ndi nthambi m'mizinda ingapo kumene mungakumane ndi anthu okonda zomwezi. Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: bowa musadye chifukwa foni yanena dzina lake. Za bowa funsani amayi amene akhala akuzula m'nkhalango imeneyo.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imangofa yokha. Ndinatayapo zithunzi za dzinja lathunthu motero, kuphatikizapo za mlatho wamitengo umene madzi anadzaukokolola chaka chotsatira, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Sungani pawiri: pa memore khadi kapena pa kompyuta, ndi pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka malo a 15 GB aulere, ndipo mutha kumatumiza zosankhidwa zokha mukapeza bandulo yotsika mtengo. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, choncho chimene mukufuna kuti chifike chathunthu chitumizeni ngati Document. Poika pa Facebook, chisa cha mbalame yosowa kapena mtengo waukulu wa mbawa umene watsala wokha musatchule malo ake enieni, macheka ali ndi makutu.

Tsopano bwererani ku njira yanu ija. Sankhani malo amodzi kapena awiri okhala ndi chizindikiro chosasuntha, mwala, chulu, ngodya ya mlatho, ndipo muziima pomwepo mwezi uliwonse, nthawi yofanana, foni italoza mbali imodzi. Musanajambule tsegulani chithunzi cha mwezi watha, muone pamene phiri kapena denga linathera, mufananize. Ikani tsiku losaiwalika, monga Loweruka loyamba la mwezi. Chaka chikatha ikani zithunzi 12 zija pamodzi, sankhani ziwiri zosiyana kwambiri, mukazitsukitse ku studio ya m'tauni, ndipo ulendo wotsatira mukawapatse eni munda.